Zithunzi zotsuka pamanja zapeza msika, koma phindu lidzapita kwa yani?

KADOMA, Zimbabwe – M'nyumba zambiri za ku Rimuka mumzinda wa Kadoma, ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu, ndiponso m'makomboni a migodi ku Chakari ndi ku Eiffel Flats, muli sutikesi kapena bokosi lachitsulo momwe banja limasungamo mapepala ofunika. Pakati pa ziphaso, makadi a kuchipatala ndi makalata ochokera kumudzi, kawirikawiri pamapezeka zithunzi zakale zakuda ndi zoyera: bambo atavala suti ataima pambali pa njinga, mayi atakhala pampando khanda lili pamiyendo, kapena anyamata a timu ya mpira ya pamgodi atandanda kutsogolo kwa golo.

Zithunzi zoterezi zidatsukidwa pamanja, m'chipinda chamdima, ndi munthu amene ankaviika pepala m'mbale za mankhwala. Kwa zaka zambiri palibe amene ankaziona ngati katundu wamalonda. Lero, pamene pafupifupi foni iliyonse ya m'manja ili ndi kamera ndipo masitudiyo ambiri otsuka filimu adatsekedwa, zithunzi zotsuka pamanja zikugulidwa ndi nyumba zosungira zaluso komanso anthu achuma amene amasonkhanitsa ntchito za manja ku Johannesburg, Paris, London ndi New York.

Kwa anthu a madera onga Muzvezve, nkhaniyi ili pawiri. Mbali yoyamba ndi yakuti kodi mabanja amene akusunga zithunzi ndi manegetivu akale akudziwa chimene ali nacho m'manja. Mbali yachiwiri ndi yakuti kodi wojambula wachinyamata wa kuno angathe kudyetsa banja ndi luso limene makampani aakulu adalitembenukira msana.

Chithunzi chidali kalata ya mtchona

Muzvezve ndi dzina la mtsinje umene umadutsa kufupi ndi Kadoma n'kukathira mu Munyati, ndipo ndi dzinanso la dera la phungu wa nyumba ya malamulo m'chigawo cha Mashonaland West. Mpaka mu 1982, Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inkatchedwa Hartley. Matauni awiriwa, omwe ali pamsewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, adakula chifukwa cha golide ndi thonje. Migodi ya Cam and Motor, Dalny, Golden Valley ndi Patchway idalemba anthu ambiri ntchito, monganso mafamu ndi mafakitale a nsalu a David Whitehead, dzina limene anthu a ku Blantyre amalidziwa bwino.

Ntchitozi zidakoka amuna ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena adabwera wapansi, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito zokagwira ku Southern Rhodesia. Ambiri sadabwererenso, ndipo kumudzi adayamba kutchedwa matchona. Mbiri yawo idalembedwa ndi akatswiri monga Anusa Daimon wa ku Zimbabwe ndi Zoë Groves, yemwe buku lake lonena za ulendo wa Amalawi wopita ku Zimbabwe lidatuluka mu 2020. Zidzukulu zawo zikadali m'makomboni omwewo, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amazivomereza.

Kwa munthu amene adali kutali ndi kwawo, chithunzi chinkanena zomwe kalata yolembetsa kwa mnzake sikadatha kutsimikiza: kuti ali moyo, ali pantchito, wagula jekete, wapeza banja. Masitudiyo ambiri mu Africa muno ankabwereketsa tayi, wotchi kapena wailesi kuti wojambulidwayo aoneke monga momwe ankafunira kuti akwawo amuone. Ojambula ena analibe situdiyo. Ankayendayenda panjinga, kujambula anthu pakutha pa mwezi, n'kubweretsa zithunzi sabata yotsatira.

Luso limeneli lili ndi mizu yakuya pakati pa Amalawi. Mungo Murray Chisuse, yemwe ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku mishoni ya Blantyre, adali mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi, ndipo pakati pa anthu amene adawajambula padali John Chilembwe. Mphamvu ya chithunzi chakale idaonekeranso mu Seputembala 2022, pamene chiboliboli cha Samson Kambalu chidaimikidwa ku Trafalgar Square mu London. Kambalu adachiumba potengera chithunzi cha 1914 choonetsa Chilembwe atavala chipewa pambali pa mmishonale John Chorley.

Ku Zimbabwe, mlembi Yvonne Vera, pamene adali mkulu wa National Gallery ku Bulawayo, adakonza chionetsero chotchedwa Thatha Camera mu 1999, cha zithunzi zakale za anthu a m'malokeshoni a mzindawo. Chionetserocho chidatsimikiza kuti zomwe mabanja amasunga m'masutikesi ndi mbiri ya dziko.

Momwe chithunzi chimabadwira mumdima

Filimu ndi pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera zimapakidwa jelatini, chinthu chonga guluu chochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, momwe muli timibulu tating'ono kwambiri ta mchere wa siliva. Kuwala kukagunda timibuluti timasintha, ngakhale kuti diso silingaone kusinthako mpaka mankhwala atagwira ntchito.

Filimu imatsukidwa mumdima wandiweyani, ndipo chotulukapo ndi negetivu, pomwe zoyera zimaoneka zakuda ndipo zakuda zimaoneka zoyera. Kenaka wotsuka amaika negetivuyo m'makina okulitsira chithunzi, omwe amaunika kupyola mu negetivu n'kugwetsa chithunzithunzi papepala. Pagawo limeneli m'chipindamo mumayaka nyale yofiira yokha, chifukwa pepalalo silikhudzidwa ndi kuwala kofiira.

Pepala likaunikidwa kwa masekondi owerengeka, limaviikidwa m'mbale zitatu motsatana. M'mbale yoyamba muli mankhwala otchedwa developer, omwe amatulutsa chithunzi pang'onopang'ono pamphindi imodzi kapena zitatu. Mbale yachiwiri ili ndi asidi wofooka woletsa chithunzi kupitiriza kuda. Yachitatu ili ndi fixer, mankhwala amene amasungunula siliva yense amene sadagwire ntchito kuti chithunzi chisadzade chikatuluka poyera. Pomaliza pepala limatsukidwa m'madzi ambiri n'kuyanikidwa. Mankhwala onsewa amagwira bwino ntchito akakhala pa madigiri 20.

Dzanja la munthu limalowerera pamene pepala likuunikidwa. Wotsuka amaphimba mbali ina ndi chikhatho kapena kachidutswa ka katoni kuti isade kwambiri, ndipo amawonjezera kuwala mbali ina kuti ide. Nkhope ya munthu wakuda amene wavala malaya oyera padzuwa la mu Okutobala imafuna luso lalikulu kuti khungu ndi nsalu zonse zioneke bwino. Wotsuka angathe kuwononga mapepala angapo asanapeze limodzi lomukhutiritsa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi siilola waphuma.

Mapepala alipo a mitundu iwiri. Ena ndi okutidwa ndi pulasitiki. Amatsukika m'mphindi zochepa, ndipo ndi amene masitudiyo ankagwiritsa ntchito kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ena ndi pepala lenileni lokhuthala, limene limamwa mankhwala ndipo limafuna kutsukidwa nthawi yaitali. Ogula zaluso amakonda mtundu wachiwiriwu, chifukwa ukatsukidwa bwino ndi kusungidwa pouma umatha kukhala zaka zoposa 100. Otsuka ambiri amaliviikanso m'mankhwala a selenium kuti siliva asawonongeke msanga ndi mpweya.

Makampani adagwa, luso lidatsala

Kamera yoyamba ya dijito idapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak. Patatha zaka pafupifupi 30, luso latsopanoli lidagwetsa msika wa filimu. Kampani ya Ilford ya ku Britain idalowa m'mavuto a zachuma mu 2004, AgfaPhoto ya ku Germany idagwa mu 2005, ndipo chaka chomwecho Kodak idalengeza kuti yasiya kupanga mapepala a zithunzi zakuda ndi zoyera. Mu Januwale 2012, Kodak yeniyeniyo idapempha khoti kuti liiteteze kwa amene idali nawo ngongole.

Komabe luso silidafe. Akuluakulu ena a Ilford adagula fakitale ya ku Mobberley mu 2005 pansi pa dzina la Harman Technology, ndipo ikupangabe filimu, mapepala ndi mankhwala. Kampani ya Foma ku Czech Republic ndi Adox ku Germany nazonso zikupanga katundu yemweyu. Mu 2018 Kodak idabwezeretsa pamsika filimu ya Ektachrome, ndipo mu 2024 kudatuluka kamera yatsopano ya filimu yotchedwa Pentax 17.

Chimene chidasintha ndi ntchito ya chipinda chamdima. Kale chinkatumikira aliyense wofuna chithunzi cha chiphaso, cha ukwati kapena cha ubatizo. Ntchito imeneyo idatengedwa ndi foni ndi makina osindikizira. Chimene chatsala ndi msika waung'ono wa anthu amene amagula chithunzi monga momwe amagulira chosema kapena chojambula cha penti.

Kubwera kwa zithunzi zopangidwa ndi kompyuta yokha kwawonjezera chifukwa china. Mu Epulo 2023, Boris Eldagsen wa ku Germany adakana mphoto ya Sony World Photography Awards ataulula kuti chithunzi chimene adapambana nacho sichidajambulidwe ndi kamera. Negetivu ndi chinthu chogwirika chimene chidali m'kamera pa tsiku ndi malo amene chithunzi chidajambulidwa, ndipo umboni wotere ukusowa masiku ano.

Chimene ogula amalipira

Wogula zaluso salipira chithunzithunzi chokha, chifukwa chimenecho angachione kwaulere pa intaneti. Amalipira pepala lenilenilo ndi mbiri yake. Mu Meyi 2022, chithunzi chimene Man Ray adapanga mu 1924, chotchedwa Le Violon d'Ingres, chidagulidwa pa madola a ku America 12.4 miliyoni pa okushoni ya Christie's ku New York. Mitengo yotere ndi ya mayina ochepa kwambiri, koma mfundo zimene zimaikweza ndi zomwezo pamsika wonse.

Mfundo yoyamba ndi nthawi imene pepala lidatsukidwa. Chithunzi chotsukidwa ndi mwini wake pafupi ndi nthawi imene adachijambula chimakhala chamtengo kuposa chotsukidwa patapita zaka zambiri kuchokera ku negetivu yemweyo. Chotsukidwa wojambula atamwalira chimatsika mtengo kwambiri.

Yachiwiri ndi kuchepa kwa makope. Negetivu mmodzi angabale zithunzi zosawerengeka, choncho wojambula amalonjeza kuti adzatsuka makope owerengeka okha, mwina 5 kapena 10 pa saizi iliyonse, ndipo amalemba nambala ya kope, chaka ndi siginecha yake kuseri ndi pensulo. Lonjezo limeneli ndilo maziko a malonda onse. Mu 2012, Jonathan Sobel, yemwe adagula zithunzi zambiri za William Eggleston wa ku America, adamusumira chifukwa chotulutsa makope atsopano akuluakulu a dijito a zithunzi zomwe adazigulitsa kale ngati zowerengeka. Khoti lidathetsa mlanduwo mu 2013 mokomera wojambulayo, koma nkhaniyo idaphunzitsa ogula kufunsa bwino chimene nambala yolembedwa kuseri ikutanthauza.

Yachitatu ndi njira imene chithunzi chadutsa: ndani adachijambula, ndani adachisunga, chidaonetsedwa kuti. Chidindo cha situdiyo, deti, kapena uthenga umene mtchona adalemba kuseri popereka moni kwa amayi ake, zonsezi ndi umboni. Banja limene lafufuta zolembazo, kudula m'mbali mwa chithunzi kapena kuchimata m'pulasitiki yotentha lawononga mtengo wake.

Malonda ambiri amachitika kudzera m'nyumba zogulitsira zaluso, zimene kawirikawiri zimatenga pafupifupi theka la mtengo. Nyumbazi ndi zimene zimapita ku misika ikuluikulu monga Paris Photo, yomwe idayamba mu 1997, msika wa zaluso wa ku Johannesburg womwe udayamba mu 2008, ndi 1-54, womwe Touria El Glaoui adauyambitsa ku London mu 2013 pofuna kugulitsa ntchito za amisiri a mu Africa.

Phunziro la ku Bamako

Nkhani ya Seydou Keïta wa ku Mali ndi imene imaonetsa bwino mwayi ndi msampha zomwe zili mumsikawu. Keïta adatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948 ndipo adajambula anthu masauzande, n'kumawapatsa tizithunzi tating'ono tolingana ndi negetivu. Ankasunga manegetivu ake mosamala. Mu 1991, zina mwa zithunzi zake zidaonetsedwa ku New York popanda dzina lake, zitalembedwa kuti wojambula wake sadziwika. André Magnin, yemwe ankagulira zaluso Jean Pigozzi, adapita ku Bamako kukamufufuza, ndipo adatenga mazana a manegetivu kupita nawo ku France.

Kumeneko manegetivu adatsukidwanso pamapepala akuluakulu, akuda bii ndi oyera mbee kuposa momwe eni nkhopezo adazionera. Pofika mu 1997 zithunzizo zinkagulitsidwa m'nyumba ya Gagosian ku New York pa madola masauzande. Keïta adatchuka padziko lonse ndipo adapeza ndalama, koma asanamwalire mu 2001 padabuka mkangano wa yemwe adali ndi ufulu wosunga manegetivu ndi kutsuka makope atsopano. Mkanganowo udapitirira kwa zaka zingapo mwini wake ali m'manda.

Mnzake Malick Sidibé, wa ku Bamako komweko, adalandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Kum'mwera kuno, manegetivu pafupifupi 60,000 a Ernest Cole, yemwe adajambula nkhanza za tsankho ku South Africa n'kumwalira ali wosauka ku New York mu 1990, adapezeka mu 2017 m'chipinda chosungira chuma cha banki ina ku Stockholm. Ku Lusaka, Sana Ginwalla adapeza mulu wa zithunzi zomwe eni ake sadabwere kudzatenga ku situdiyo ya Fine Art Studios, ndipo adayambitsa ntchito ya Zambia Belonging. Ntchito yake idathandizanso kuti zithunzi za wojambula wakale Alick Phiri zidziwike.

Nkhani zonsezi zikuloza ku chinthu chimodzi: mphamvu ili kwa amene akusunga negetivu. Wogulitsa pepala wagulitsa chipatso, koma wopereka negetivu wapereka mtengo ndi mizu yomwe.

Anthu olankhula Chichewa ku Zimbabwe adaonapo kale msika wotere. Mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, kufupi ndi Guruve, udayamba mu 1966 pafamu ya fodya ya Tom Blomefield, ndipo ambiri mwa osema oyamba adali antchito a pafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Mmodzi mwa iwo, Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, adadziwika kunja konse asanamwalire mu 2011. Msika wa zosemawo udadzavutika pamene anthu adayamba kukopera masitayelo a anzawo ndi kuchulukitsa katundu wofanana. Zithunzi nazo zingagwe m'mbuna yomweyo ngati wojambula sasunga lonjezo la makope.

Zopinga za pamalo

Wachinyamata wa ku Kadoma kapena Chegutu amene angafune kutsegula chipinda chamdima lero akumana ndi zopinga zinayi.

Choyamba ndi zipangizo. Filimu, mapepala ndi mankhwala zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Dziko la Zimbabwe lidataya ndalama yake pambuyo pa kukwera mitengo koopsa kwa 2008, ndipo ndalama yatsopano ya ZiG idayamba mu Epulo 2024. Mapepala a zithunzi amawonongeka akakhalitsa pamalo otentha, choncho kugula ambiri nthawi imodzi kuli ndi chiopsezo chake.

Chachiwiri ndi madzi. Pepala lokhuthala limafuna kutsukidwa pafupifupi ola lathunthu m'madzi oyenda. Kadoma imadalira damu la Claw pamtsinje wa Muzvezve, ndipo matauni onse awiri akhala akuvutika ndi kusowa kwa madzi a m'mipopi; ku Chegutu mliri wa kolera wa 2008 udapha anthu ambiri. Pali njira zochepetsera madzi, monga kugwiritsa ntchito mankhwala othandiza kuchotsa fixer ndi kusinthasintha madzi m'mbale m'malo motsegula mpopi.

Chachitatu ndi magetsi ndi kutentha. Makina okulitsira chithunzi amafuna magetsi osasinthasintha mphamvu, pamene kuzimazima kwa magetsi n'kofala. Mphamvu ya dzuwa ndi batire zingathandize chifukwa makinawa sadya magetsi ambiri. M'nyumba yamalata mu Okutobala, kusunga mankhwala pa madigiri 20 kumafuna kugwira ntchito usiku kapena m'bandakucha. Palinso njira yakale yotchedwa cyanotype, imene John Herschel adaitulukira mu 1842. Imagwiritsa ntchito mchere wa chitsulo m'malo mwa siliva, imaunikidwa ndi dzuwa, imatsukidwa ndi madzi okha, ndipo imatulutsa zithunzi zobiriwira ngati thambo.

Chachinayi ndi zinyalala. Fixer wogwiritsidwa kale ntchito amakhala ndi siliva wosungunuka, amene ndi poizoni ku zamoyo za m'madzi. Dera la Kadoma ndi Chakari lili kale ndi vuto la mekyule amene okumba golide ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito, moti lidali limodzi mwa madera amene bungwe la UNIDO lidachitako kafukufuku wa vutoli m'zaka za m'ma 2000. Wotsuka zithunzi sayenera kuwonjezera katundu pamtsinje wolemedwa kale. Siliva angathe kuchotsedwa m'mankhwalawo asanatayidwe.

Pamwamba pa zonsezi pali mtunda. Ogula sali ku Kadoma. Njira yopita kwa iwo imadutsa ku Harare, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Kadoma, komwe kuli National Gallery of Zimbabwe, yomwe idatsegulidwa mu 1957. Njirayi ena adaiyendapo. Calvin Dondo, yemwe adayambitsa mwezi wa zithunzi wa Gwanza ku Harare, adalandira mphoto ya Seydou Keïta pa chionetsero cha ku Bamako mu 2007, ndipo adali mmodzi mwa amisiri anayi amene adaimira Zimbabwe koyamba ku Venice mu 2011. Ku Johannesburg kuli sukulu ya Market Photo Workshop, imene David Goldblatt adaiyambitsa mu 1989, ndipo ku Maputo malemu Ricardo Rangel adatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Nkhope ndi ya yani?

Pali funso lina limene ndalama sizingayankhe. Mayi amene adalipira situdiyo mu 1965 kuti atumize chithunzi kwa apongozi ake ku Dedza sadavomereze kuti nkhope yake idzapachikidwe m'chipinda chochezera cha mlendo ku Ulaya. Santu Mofokeng wa ku South Africa, posonkhanitsa zithunzi za mabanja a anthu akuda za pakati pa 1890 ndi 1950, adayesetsa kufufuza mayina ndi mbiri ya anthu ojambulidwawo kuti asakhale nkhope chabe zopanda eni.

Malamulo nawonso amasiyanitsa zinthu zitatu: kukhala mwini wa pepala, kukhala mwini wa negetivu, ndi kukhala ndi ufulu wochulukitsa chithunzi. Wogula pepala sakhala ndi ufulu wolisindikiza m'buku kapena pamalaya pokhapokha atagwirizana ndi mwini ufuluwo. Ku South Africa, lamulo la 1978 limapereka ufulu wa chithunzi chochita kuitanitsa kwa amene adalipira kuti chijambulidwe, osati kwa wojambula. N'chifukwa chake nkhani ya zithunzi za m'situdiyo imafunika kufunsa odziwa malamulo a dziko lililonse. Ku Malawi nkhanizi zimayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA, ndipo likulu la ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za umwini wa luso, lili ku Harare.

Gule wamkulu amafunika kusamala kwapadera. Guleyu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, amavinidwanso m'makomboni a migodi ndi mafamu a ku Zimbabwe, komwe matchona adapita naye. Zithunzi za zilombo zimakopa maso a ogula akunja, koma mwambowu uli ndi eni ake ndi zinsinsi zake. Kujambula pabwalo atavomereza akuluakulu a mwambo n'kosiyana ndi kuba chithunzi cha kudambwe. Wojambula amene wagulitsa chinsinsi angapeze madola, koma wataya mudzi umene amajambulamo.

Zoyenera kuchita mabanja ndi ojambula

Kwa mabanja, ntchito yoyamba si kugulitsa koma kusunga. Adani a zithunzi ndi chinyezi, kutentha, chuku, chiswe ndi mphemvu. Zithunzi ndi manegetivu ziyenera kukhala pouma ndi pozizira, kutali ndi denga lamalata ndi khoma lonyowa, ndipo zigwiridwe m'mbali mokha. Manegetivu akayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti ayamba kuwonongeka, ndipo ayenera kupatulidwa kwa anzake ndi kukopedwa msanga. Mayina a anthu ojambulidwa, malo ndi chaka zilembedwe papepala lapadera agogo amene akuwadziwa akadali moyo.

Munthu akabwera kudzafuna kugula kapena kubwereka, pakhale mgwirizano wolembedwa wonena chiwerengero cha manegetivu otengedwa, tsiku lobweza, makope amene adzatsukidwe, gawo la ndalama la banja, ndi dzina limene lidzalembedwe pansi pa chithunzi. Safunsa adadya phula. Kubwereketsa ku nyumba yosungira mbiri, monga National Archives ku Harare kapena ku Zomba, ndi njira ina imene imasiya umwini m'manja mwa banja ngati mgwirizano wanena choncho.

Kwa wojambula watsopano, mbiri ya msikawu ikusonyeza kuti ogula amatsata ntchito imene yachitika kwa zaka zambiri pamutu umodzi, osati chithunzi chimodzi chokongola. Ikusonyezanso kuti ndi ochepa amene amakhalira malonda a zithunzi zotsuka pamanja okha. Ambiri amaphunzitsa, amajambulira nyuzipepala kapena maukwati, n'kumatsuka zawo nthawi yotsala. Intaneti, imene idapha situdiyo yakale, ndi yomwenso imalola wojambula wa ku Rimuka kuonetsa ntchito yake kwa munthu wa ku Paris popanda kukwera ndege.

Keïta ndi Sidibé sadajambule pofuna kusangalatsa alendo. Ankajambula anansi awo, ndipo ankasunga manegetivu m'mabokosi mwadongosolo. Ogula adabwera patapita zaka 30 kapena 40. Migodi, minda ya thonje ndi makomboni a Muzvezve zili ndi anthu amene mbiri yawo idalembedwa pang'ono chabe, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo ikadali m'masutikesi, pansi pa bedi.